Wojambula mapulani akabwera kudzafuna malo ku Benga

MOATIZE — Munthu wochokera mu mzinda wa Tete akaoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende amatsikira m'dera la Benga, ndipo akapitirira amakalowa mu msewu waukulu wa EN7 wopita ku Moatize, ku Zóbuè mpaka ku Mwanza m'dziko la Malawi. Mlathowu unatsegulidwa mu Novembala 2014. Kale malo ambiri a tsidya lino anali minda, msipu wa mbuzi ndi tchire la milambe. Chibwerere malasha ndi mlatho, malo omwewo akhala akuyang'anidwa ndi maso ambiri: makampani a migodi, amalonda, eni magalimoto akuluakulu, komanso munthu wina amene a kumudzi sanamuzolowere kwenikweni. Ameneyu ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba, yemwe pa Chipwitikizi amati arquitecto, amene watopa ndi kujambulira ena ndipo tsopano afuna kumanga nyumba zakezake zoti agulitse kapena aike anthu a lendi.

Kwa munthu woonera patali ntchito ziwirizi zimaoneka ngati imodzi, popeza zonse ndi za nyumba. Komatu n'zosiyana ngati mmisiri wosema bwato ndi msodzi wolowa nalo pamadzi.

Wojambula mapulani amalembedwa ganyu ndi mwini ndalama. Amamva zimene mwiniyo akufuna, amayendera malo, amajambula zipinda, makomo, mazenera ndi denga, nakonza mapepala opita ku khonsolo kuti chilolezo chomanga chituluke. Nthawi zina amayenderanso ntchito ili mkati. Akamaliza amalandira malipiro ake n'kumapita. Nyumbayo ikasowa wolowamo, si mlandu wake. Pambali pake pamakhala injiniya, amene amawerengera zitsulo ndi simenti kuti nyumba isagwe. Mlatho wakale wa Samora Machel, umene unatha mu 1973, ndi ntchito ya injiniya wa ku Portugal Edgar Cardoso. Palinso kontirakita amene amabweretsa amisiri, mchenga, miyala ndi njerwa.

Koma womanga nyumba zamalonda, amene pa Chipwitikizi amati promotor imobiliário, ndiye amasenza onsewa. Iye ndiye amafuna malo, amafuna ndalama, amalipira wojambula, injiniya ndi kontirakita, kenaka n'kudikira wogula. Onse amalandira zawo ntchito isanathe. Iye yekha amalandira pomaliza, ngati patsala kanthu.

Nanga n'chiyani chimakopa munthu wophunzira zaka zambiri kuti asiye tebulo lake lojambulira n'kulowa m'malonda a chiopsezo chotere? Choyamba ndi ndalama. Malipiro a pulani ndi kagawo kochepa ka mtengo wa nyumba yonse, pamene phindu lalikulu limatsala kwa mwini. Chachiwiri, m'madera ngati Moatize ofuna wojambula ndi ochepa. Banja wamba limamanga ndi mmisiri wa m'bairo, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, malinga ndi mmene fodya, mbuzi kapena malipiro a mwezi ayendera. Chachitatu ndi mtima chabe: wojambula aliyense amamva kuwawa kuona pulani yake ikudulidwadulidwa ndi mwini ndalama, khonde likuchotsedwa, mazenera akuchepetsedwa, ndipo amalakalaka tsiku limene adzamange monga afunira.

Ndipo ali nazo zomuthandiza. Amatha kuyang'ana malo opanda kanthu n'kuona kuti pangakwane nyumba zingati, madzi amvula adzatsikira kuti, dzuwa lamasana lidzamenya khoma liti. M'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nzeru imeneyi si yamasewera: nyumba ya denga lalifupi la malata, yopanda khonde ndi podutsa mphepo, imasanduka ng'anjo. Zimene sanaphunzire ku sukulu ndi zitatu, ndipo zonse n'zimene zimagwetsa anthu: ngongole, msika ndi malo.

Ntchito imene inali yoletsedwa

Achinyamata a lero sangakhulupirire msanga kuti m'dziko muno munapita zaka 15 munthu asakuloledwa kumanga nyumba zochitira malonda. Pa 3 Febuluwale 1976 pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za lendi zakhala za boma, ndipo bungwe la APIE ndilo linapatsidwa udindo woziyang'anira ndi kutolera lendi. Akatswiri ambiri ojambula a nthawi ya Apwitikizi anali atachoka kale. Pancho Guedes, amene anajambula nyumba mazanamazana ku Lourenço Marques, anapita ku Johannesburg kukaphunzitsa mu 1975. Otsala ndi obwerera anagwira ntchito m'boma. Mmodzi wa iwo ndi José Forjaz, amene anatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula mapulani ya pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, yomwe inatsegulidwa mu 1986, ndipo ndiye anajambula chipilala cha chikumbutso cha ku Mbuzini. Forjaz anamwalira mu 2024.

Chitseko chinatseguka mu 1991, pamene lamulo latsopano linalola anthu ndi makampani kumanga nyumba zogulitsa ndi za lendi, ndipo boma linayamba kugulitsa nyumba za APIE kwa amene ankakhalamo. Mu 1995 kunakhazikitsidwa thumba la Fundo para o Fomento de Habitação lothandiza pa nkhani za nyumba. Choncho ntchito imeneyi kuno njatsopano ndithu, ndipo ku Tete inadzuka zenizeni ndi malasha.

Kunja nkhani yotchuka ndi ya John Portman wa mu mzinda wa Atlanta ku America. Iye anali wojambula amene anaganiza zokhalanso mwini wa zimene ankajambula, pa nthawi imene anzake a ntchito ankaona zimenezi ngati zosayenera. Hotela ya Hyatt Regency imene anajambula inatsegulidwa mu 1967 ndipo inamutchukitsa padziko lonse. Koma pofika 1990 anali ndi ngongole zokwana pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo okongoza anamulanda ulamuliro pa zina mwa nyumba zake zikuluzikulu. Luso lojambula linalipo lonse; chimene chinatembenuka ndi msika.

Malasha atakwera, malasha atatsika

Ku Moatize msika unatembenuka anthu akuona ndi maso. Kampani ya ku Brazil ya Vale inapata chilolezo cha malasha a Moatize mu 2004 ndipo mgodi unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Ku Benga kunali kampani ya ku Australia ya Riversdale, mogwirizana ndi Tata Steel ya ku India. Mu 2011 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula Riversdale pa mtengo wa pafupifupi madola 3.7 biliyoni, ndipo mgodi wa Benga unatsegulidwa ndi pulezidenti Armando Guebuza mu Meyi 2012. Mu 2011 tani imodzi ya malasha osungunulira zitsulo inali itapyola madola 300 pa msika wa kunja.

Alendo anadzaza Tete: a ku Brazil, a ku South Africa, a ku Australia, a ku Zimbabwe, ndi a m'zigawo zina za dziko lino. Onsewa ankafuna pogona. Lendi inakwera modabwitsa, mahotela atsopano anamangidwa, ndipo eni nyumba ena anasamukira m'zinyumba za kuseri kuti nyumba yaikulu alowetsemo kampani. Aliyense amene anali ndi kapoloti ndi kandalama anathira maziko. Kwa wojambula mapulani inali nyengo ya ntchito yosatha, ndipo inalinso nyengo ya mayesero, chifukwa ankaona tsiku ndi tsiku kuti amene akulemera si iye koma amene akumujambulira.

Walira mvula walira matope. Boma linakana ganizo la Rio Tinto lotsitsa malasha pa mabwato akuluakulu mu Zambezi, njanji ya Sena yopita ku Beira inali yosakwanira, ndipo malasha abwino m'nthaka anapezeka ochepa kuposa mmene ankayembekezera. Mu Januwale 2013 Rio Tinto inavomera kuti yataya pafupifupi madola 3 biliyoni ku Mozambique, ndipo mkulu wake Tom Albanese anasiya ntchito. Mu 2014 inagulitsa gawo lake la mgodi wa Benga pamodzi ndi malo ena a malasha kwa kampani ya ku India ya ICVL pa madola 50 miliyoni okha. Pofika 2015 mtengo wa tani unali pansi pa madola 100. Alendo anapakira zikwama, ndipo nyumba zambiri zimene zinamangidwira iwo zinatsala zotseka. Mlatho wa Kassuende unatsegulidwa phwando litatha kale.

Pamwamba pa zimenezi, mu 2016 kunatuluka nkhani ya ngongole zobisika za boma. Metikali, amene mu 2014 anali pafupifupi 30 pa dola imodzi, anagwa kupyola 70, ndipo chiwongoladzanja cha m'mabanki chinakwera kupyola 25 pa 100 iliyonse. Masamu ake ngosavuta. Mwachitsanzo, munthu wokongola mametikali 10 miliyoni kuti amange nyumba khumi, pa chiwongoladzanja chotere ayenera kupereka 2.5 miliyoni pa chaka asanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Ndiye kuti nyumba iliyonse iyenera kubweretsa mametikali opyola 20,000 pa mwezi, mwezi uliwonse, osaphonya. Kodi ndi mphunzitsi uti wa ku Moatize kapena namwino uti wa ku Zóbuè amene angalipire lendi yotere? Nyumba zojambulidwira injiniya wa ku Brazil sizitsika mtengo msanga kuti zikwanire thumba la mwana wa kuno.

Amene anapirira ndi akuluakulu okhala ndi ndalama zakunja ndi mapangano a zaka zambiri. Mudzi wa nyumba za mumpanda wa Vale dos Embondeiros, mmene munkakhala antchito a Vale, ndiponso sitolo zazikulu za Mall de Tete, zinagulidwa cha mu 2016 ndi 2017 ndi kampani yochokera ku Mauritius imene pambuyo pake inatchedwa Grit. Iwo ankagula nyumba imene ili kale ndi wolipira lendi wosaina pepala. Vale nayo inachoka: mu 2022 mgodi wa Moatize ndi njanji ya ku Nacala zinapita m'manja mwa kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni.

Nyumba zojambulidwa popanda kufunsa

Pali nyumba zina zimene zinamangidwa zambiri nthawi imodzi m'distrito ino, ndipo anthu a kumudzi amazidziwa kuposa wina aliyense. Kuyambira mu 2009 Vale inasamutsa mabanja 1,365, ena kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka ku Moatize, ena ku bairo ya 25 de Setembro. Anthu a ku Capanga, m'mbali mwa Revúbuè, anasamutsidwira ku Mualadzi kuti mgodi wa Benga upeze malo. Pa pepala midziyi inali yokongola: misewu yowongoka, nyumba za simenti ndi malata zondandalika bwino. Koma ku Cateme makoma anayamba kung'ambika ndi madenga kudontha pasanapite nthawi, ndipo pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana anatseka njanji ya malasha. Ku Mualadzi vuto lalikulu linali madzi, nthaka youma ndi kutalikira msika, kwa anthu amene anazolowera dimba la kumtsinje, kuumba njerwa ndi kugulitsa mchenga, nkhuni ndi makala pafupi ndi tauni. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2013 linatenga mutu wake pa funso la anthu osamutsidwawo, lakuti nyumba ili ndi phindu lanji popanda chakudya. Oumba njerwa a ku Moatize nawo anatseka njira ya ku mgodi mu Epulo 2013, podandaula kuti mametikali 60,000 amene anapatsidwa sangafanane ndi ntchito imene anataya.

Zimenezi zitachitika boma linatulutsa Decreto 31/2012, imene imati munthu wosamutsidwa chifukwa cha ntchito zachuma ayenera kupeza moyo wofanana ndi wakale kapena woposa, ndipo imatchula nyumba ya zipinda zogona zitatu. Koma muyeso wa zipinda suuza wojambula kumene nkhokwe idzakhale, kumene khola la mbuzi lidzaime, kumene mayi adzaphikire nthawi yotentha, ndi kumene mwana wamwamuna akakula adzamange gowelo lake. Zimenezi amazidziwa ndi amene wakhala pansi ndi eni ake, ndipo wojambula amene wasanduka wamalonda, ali ndi ngongole yomuthamangitsa, ndiye amene amasowa kwambiri nthawi yokhala pansi.

Malo sagulitsidwa

Apa ndipo pagona nkhani kwa anthu a ku Benga, Kambulatsitsi ndi Zóbuè. Wojambula wamba safuna malo a munthu. Amajambula pa malo amene mwini ntchito wapeza kale. Koma akasanduka womanga zamalonda, chinthu choyamba chimene amafuna ndi dothi, makamaka la m'mbali mwa msewu. Akafika pamudzi ndi mapepala okulungakulunga ndi zithunzi za nyumba zokongola, ndi bwino kudziwa kuti wabwera ngati ndani.

Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka ndi ya boma, ndipo sigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Lamulo la za malo, Lei 19/97, limapereka ufulu wogwiritsa ntchito malo wotchedwa DUAT, ndipo ufuluwu umapezeka m'njira zitatu. Yoyamba ndi kukhala pamalo motsata mwambo wa makolo. Yachiwiri ndi ya nzika imene yagwiritsa ntchito malo mosabera wina kwa zaka zosachepera 10. Yachitatu ndi kupempha ku boma, ndipo iyi ndiyo njira ya wamalonda. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira ziwiri zoyambazo zili ndi mphamvu ngakhale popanda pepala. Banja limene linabwerera kuchokera ku misasa ya ku Malawi nkhondo itatha mu 1992, n'kulimanso munda wa makolo ake ku Zóbuè, lili ndi DUAT ngakhale silinapondepo mu ofesi ya oyeza malo. Pakabuka mkangano, lamulo limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe.

Wopempha malo ku boma sangapatsidwe anthu a m'deralo asanafunsidwe, kuti atsimikize ngati malowo alibedi mwini. Kufunsaku si kucheza kwa anthu awiri ndi a mfumu pansi pa mtengo, botolo lili pambali. Ndi msonkhano wa poyera, wokhala ndi oimira boma, ndipo malamulo a mu 2011 amafuna kuti pakhale misonkhano yosachepera iwiri, woyamba womva nkhani ndipo wachiwiri wopereka yankho anthu ataganiza. Zogwirizana zimalembedwa m'chikalata chotchedwa acta. M'chikalatamo ndimo muyenera kulembedwa malire enieni, njira ya kumadzi ndi ya kumanda, mitengo ya zipatso, ndi lonjezo lililonse la mjigo, sukulu kapena ntchito, ndi tsiku lake. Lonjezo la pakamwa limauluka ndi fumbi la magalimoto. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chilolezo choyamba chimene wamalonda amalandira n'chongoyembekezera: zaka 5 kwa nzika, zaka 2 kwa mlendo. Akapanda kuchita zimene analemba mu pulani yake m'nthawi imeneyi, boma lili ndi mphamvu yomulanda. Choncho mpanda wa waya wozungulira tchire kwa zaka khumi, mkati muli maziko okhaokha ndi zitsulo zadzimbiri, ndi chinthu chimene anthu a m'mudzi angathe kukafunsa kwa a administradore. Akachita zimene analonjeza, DUAT ya ntchito zachuma imafika zaka 50 ndipo imatha kuwonjezedwa. Zaka 50 ndi moyo wa munthu ndi wa mwana wake.

Chimene chimagulitsidwa mwalamulo ndi zimene zili pamwamba pa nthaka: nyumba, chitsime, mitengo yobzala. N'chifukwa chake wofuna malo amakonda kunena kuti akugula kanyumba ka udzu kapena mitengo ya mango, pamene maso ake ali pa dothi. M'tauni, nyumba ikagulitsidwa ufulu wa malo umapita nayo limodzi. Munthu wosaina pepala lotere ayenera kudziwa kuti kanyumbako kakapita, bwalo lonse lapita. Mu 2022 boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya za malo ndipo linayamba kuunikanso lamulo la 1997, koma mfundo yakuti nthaka ndi ya boma inasungidwa.

Lamulo lomweli limamupanikizanso wamalondayo. Popeza banki singalandire dothi ngati chikole, iye ayenera kuyamba ndi ndalama zake, za anzake ogwirizana nawo, kapena za ogula olipiriratu nyumba isanamangidwe. Njira yomalizayi ndiyo imaika pa chiopsezo anthu wamba, monga wogwira ntchito ku mgodi kapena wamalonda wa pa malire amene wasunga ndalama zaka zambiri. Asanapereke kanthu ayenera kuona ndi maso DUAT ya malowo ndi chilolezo chomanga chochokera ku khonsolo kapena ku distrito, ndipo dzina lolembedwa pamenepo likhale la amene akulandira ndalamayo. Chithunzi cha pa kompyuta chokhala ndi udzu wobiriwira ndi galimoto pakhomo chimajambulidwa tsiku limodzi.

Palinso funso limene munthu wa kumudzi amatha kuyankha bwino kuposa wophunzira: madzi amafika pati? Mu Malichi 2019 Revúbuè anasefukira n'kumiza nyumba m'mabairo a m'mbali mwake ku Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mbali ya mlatho wa pa Revúbuè wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo administradore wa Tete, José Maria Mandere, anafa galimoto yake itakokoloka ndi madzi. Malo otsika a kumtsinje amakopa womanga chifukwa ngosalala ndipo ali pafupi ndi tauni. Agogo amene anasiya malowo kuti akhale dimba, namanga pa mtunda, anali ndi chifukwa chawo.

Ofuna pogona sanathe m'distrito ino. Moatize inakwezedwa kukhala mzinda mu 2020, ndipo anthu akuchulukirachulukira. Ku Zóbuè kumagona madalaivala odikira mapepala a pa malire, kuli antchito a kasitomu, apolisi, aphunzitsi ndi anamwino otumizidwa kuchokera kutali, amene amafuna zipinda ziwiri, madzi, magetsi ndi chimbudzi chabwino pa mtengo woti malipiro a mwezi angakwanitse. Phindu la nyumba zotere ndi lochepa ndipo limabwera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake makampani akuluakulu saziyang'ana. Mpaka pano amene amazimanga ndi amalonda a pamsika ndi opuma pa ntchito, mzere wa zipinda kuseri kwa nyumba, kawirikawiri popanda pulani, zenera limodzi loyang'ana ku khoma la mnansi ndi chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu.